Dazi la M'munda mwa Amayi

Munda wa amayi unali ndi dazi. Umo ndi mmene tinkatchulira malo aja kumtunda kwa munda, pomwe sipankamera kanthu, ngakhale chisoso chomwe chimamera paliponse popanda wochiitana. Dothi lake linali lolimba, lofiirira ngati njerwa yosapsa bwino, ndipo mvula ikagwa madzi otsika pamenepo ankaoneka ngati tiyi wopanda mkaka amene wagona m'kapu. Paliponse pomwe madziwo ankadikha, chimanga chinkachita chikasu n'kuima pomwepo, osakula, osafa msanga.

Mundawo uli ku Chigumula, kuseri kwa nyumba za lendi, kunsi kwa kwale yakale yophwanyirako miyala yomwe inatsekedwa ine ndisanayambe sukulu. Bambo anga anali mlonda pa kwalepo. Iwo ndi amayi anachokera ku Nsanje, ndipo atapeza malowa anamangapo nyumba ya zipinda ziwiri n'kuyamba kulima. Kumtunda kwa munda kunali kanyumba ka simenti kopanda mawindo, komwe a kampani ankasungiramo mabomba ophwanyira miyala. Mabomba akanyowa kapena akakhalitsa ankawaphwanya n'kuwatentha m'dzenje pambali pa kanyumbako. Zosapsa zinkasungunuka ndi mvula n'kulowa pansi. Kampani itachoka anthu anagumula kanyumba kaja n'kutenga njerwa, dzenje linakwiririka lokha, koma dazi linatsala.

Linkakula. Chaka chilichonse mvula inkalitsitsa pang'ono. Bambo atamwalira linali ngati bwalo la pakhomo basi. Pomwe ine ndinkakwanitsa zaka makumi awiri ndi ziwiri linali litadya mizere isanu ndi inayi. Alongo awo a amayi, amalume anga a ku Nsanje, ankaimba foni pafupipafupi kuwauza kuti abwerere kumudzi. Amayi ankakana, koma kukana kwake kunkachepa mphamvu chaka ndi chaka.

"Munda uwu ukatha, nane kuno ndathako," anandiuza tsiku lina tikukonola chimanga. "Ndikhalira chiyani? Kuonera iwe ukumenyana ndi anthu?"

Sankanama. Sukulu ndinaisiyira Fomu Thuu nditaphwanya mpando pamsana pa mnzanga yemwe anaseka nsapato zanga. Kuyambira pamenepo ndinali woitanira minibasi ku Limbe, ndipo siteji ziwiri zinali zitandithamangitsa kale chifukwa cha ndewu. Mtima wanga umayaka msanga, mutu umabwera pambuyo. Koma sindinkafuna kuti amayi apite. Anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo kwa amalume chipatala chili kutali, madzi akasefukira msewu umaduka. Komanso, ndisaname, panalibe wina padziko yemwe ndikanafikira kwa iye ndi malaya ong'ambika n'kundifunsa kaye ngati ndadya.

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, kuli chiperoni, ndinabwerako msanga ku Limbe. Ndikukhota pa mjigo ndinaona munthu atagwada pa dazi paja. Anali mtsikana wovala jombo ndi jekete lalikulu, pambali pake pali bokosi lapulasitiki, m'manja ali ndi chitsulo chobowolera pansi ndi kabuku. Kwathu kuno munthu wa kabuku akaima m'munda mwako, dziwa kuti mawa kubwera zikhomo, mkuja mpanda.

"Inu! Mukufuna chiyani m'munda mwa eni?"

Anatembenuka n'kumwetulira. "Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Ndaswera kwathu. Inu mwaswera m'munda mwa yani?"

Asanayankhe ndinali nditalimenya kale theche bokosi lija. Timabotolo tinamwazika pansi. Pomwepo ndinamva mawu a amayi kuchokera kunsi, ku nandolo.

"Iwe! Ndawaloleza ndine. Tola."

"Amayi, anthu awa..."

"Ndati tola. Limodzilimodzi."

Ndinatola, limodzilimodzi, mtsikana uja akundiyang'ana. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zinayi kapena zisanu, choncho amayi anandiuza kuti ndizimutchula achemwali, ndipo mpaka lero ndimawatchula choncho. Ankaphunzira digiri yachiwiri pa koleji ina m'tauni muno, ankakhala kwa makolo awo ku Sunnyside, ndipo Chichewa chawo chinkapunthwa n'kugwira Chizungu pakati pa njira. Ankayenda m'makwale akale kufunafuna dothi lomwe linaonongeka ndi mabomba.

"M'dothi muli tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso," anatero. "Mabakiteriya."

"Ndiye mwabwera kudzatipatsa matenda?"

"Ayi. Ambiri sadwalitsa munthu. Ndi amene amaoletsa masamba kuti asanduke chonde. Pakati pa dazi apa ambiri anafa ndi poizoni wa mabomba. Koma taonani m'mphepete umu, momwe kaudzu kakuyesa kumera. Ndikuganiza kuti muli ena omwe anazolowera, mpaka anayamba kudya poizoniyo ngati chakudya chawo."

"Kudya bomba?"

"Kudya bomba."

"Ndiye sakumaphulika m'mimba?"

Amayi anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Achemwali aja anasekanso, kenako anafotokoza kuti zotsala m'dothimo n'zochepa, sizingaphulike, koma n'zokwanira kupha mbewu. Tizilombo timeneti tikachuluka n'kudyetsedwa bwino, tingathe kuphwanya poizoniyo n'kusiya dothi lamoyo. Anati sakulonjeza, akufuna kuyesa.

"Ndiye kuti dazi lingathe?" anafunsa amayi. Sanasekenso.

"Mwina, amayi. Likhoza kusiya kutsika. Koma ndifunika wondikumbira."

"Uyu," amayi anandiloza ndi chibwano. "Ali ndi mphamvu zongomenyera anthu. Zigwireko ntchito."

Ndinakumba maenje ang'onoang'ono khumi ndi awiri tsiku limenelo, ndili chikwiyire. Koma patatha masabata atatu achemwali anandipempha kuti ndiwanyamulire bokosi mpaka ku labu ya ku koleji kwawo, ndipo kumeneko ndi komwe mkwiyo unandithera. Anandionetsa timbale tagalasi tokhala ndi zinthu zonga phala louma, lachikasu. Pakati pa kambale kamodzi panali kadontho koyera, ndipo mozungulira kadonthoko chikasu chija chinali chitafufutika.

"Awa ndi a m'munda mwanu," anatero. "Dzenje lachisanu ndi chiwiri. Mukuona pomwe adya?"

Kenako anandikhazika pa maikulosikopu. Kusukulu kwathu inalipo imodzi, yotsekeredwa m'kabati, tinkangoiona pa galasi. Ndinayang'ana, poyamba mdima wokhawokha, kenako kuwala, kenako timitengo tating'onoting'ono tikunjenjemera, tikukankhana, ngati anthu pa depoti ya Limbe m'mawa wa Lolemba. Ndinakhala pamenepo mpaka khosi linawawa. Ndinali nditaponda dothi limenelo moyo wanga wonse, kulitukwana, kulilavulira, osadziwa kuti muli ena omwe akulimbana nalo dazi lija kuyambira bambo ali moyo.

M'mwezi wa Ogasiti anabwera ndi zigubu zinayi za madzi otuwa, onunkha ngati thobwa losasa. Anati tizilombo tija atichulukitsa, tili mmenemo. Tinakumba dazi lonse n'kukonza mabedi anayi. Dothi tinalisakaniza ndi zitosi za nkhuku, madeya, ndi utuchi womwe ndinakatenga kwa akalipentala a pamsika, n'kuthirapo madzi a m'zigubu aja. Pamwamba tinaphimba ndi mapesi ndi udzu wouma, wochindikala mpaka m'mawondo, kuti chinyontho chisathawe. Pomaliza analemba malamulo papepala n'kulimata pa chitseko chathu. Kuthirira pakapita masiku awiri. Osapondapo. Osalimapo. Osathirapo feteleza kapena mankhwala aliwonse.

Madzi ndinkatunga pa mjigo, ndowa zisanu ndi zitatu, ndisanapite ku Limbe. Azimayi a pa mjigo ankandiseka, kusiteji ndiye kunali koposa.

"Aise, akuti ukuweta majelemusi?"

"Akabereka utigaireko aakazi awiri, mani!"

Wina ndinamugwira pakhosi, anzanga anatileretsa. Koma kuthirira sindinaphonye ngakhale kamodzi. Ndinkati ndikalowetsa dzanja pansi pa mapesi ndinkamva kutentha pang'ono, ngati pamimba pa mbuzi, ndipo dothi linayamba kununkhira ngati dothi.

Kumapeto kwa Seputembala achemwali anatenga dothi pang'ono pa bedi lililonse, n'kubwera patatha sabata akuthamanga kuchokera pa msewu. Anati poizoni wayamba kuchepa pa mabedi atatu. Osati kwambiri, koma wayamba. Amayi anawagwira manja onse awiri n'kunena kuti "takhuta, takhuta," Chisena chomwe chimawatulukira akakondwa zenizeni. Madzulo amenewo amalume ataimba foni, amayi anawauza kuti za kumudzi aziiwale kaye.

Kenako achemwali anachoka masabata atatu. Makina oyezera a ku koleji kwawo anali ataonongeka, ndiye anapita ndi dothi lawo ku Lilongwe.

Okutobala ku Chigumula ndi mwezi wa utsi. Aliyense amasosa, kuunjika mapesi ndi zinyalala, n'kutentha. Munda wosatenthedwa umaoneka ngati mwini wake akudwala kapena ndi waulesi. Bambo ankatero chaka chilichonse, agogo ku Nsanje chimodzimodzi, ndipo aliyense amadziwa kuti phulusa ndi chakudya cha nthaka. Minda yonse yotizungulira inali itayera, kutsala wathu wokha uli ndi milu inayi ya udzu kumtunda. Oyandikana nafe anali bambo ena achikulire, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwa amayi. Anapha njoka kuseri kwa khola lawo, n'kubwera nayo pa ndodo mpaka pakhomo pathu.

"Mayi, tikudziwa kuti abambo kulibe," anatero, "koma mnyamata alipo uyu. Mbewa ndi njoka zonse za Chigumula zasamukira kwanu. Tizigona bwanji ndi zidzukulu?"

Amayi anachita manyazi kwambiri. Ine magazi anawira, koma ulendo uno osati ndi mkulu wa mpingoyo, chifukwa ndinaona ngati akunena zoona. M'mawa mwake ndinasosa munda wonse wakunsi n'kutentha. Nditafika pa mabedi ndinaima. Ndinapita pa chitseko n'kuwerenga pepala lija kawiri. Kuponda, kulima, feteleza, mankhwala. Za moto panalibe. Ndinaganiza kuti tizilombo tili pansi, moto udutsa pamwamba ngati mmene umadutsira pa una wa nyerere. Udzu wakale uli ndi njoka; nditentha, phulusa litsalira tizilombo tomweto, ndidzaphimba ndi udzu watsopano. Ndinafika poganiza kuti achemwali akadzabwera adzandiyamikira.

"Amayi, nditenthe?"

"Tentha, koma uyang'ane mphepo."

Udzu unayaka msanga n'kutha. Koma moto sunathe. Unalowa pansi, mu utuchi ndi madeya ndi zitosi zija, n'kumanyeka mwakachetechete. Ndinathira madzi, utsi unazima pano n'kutulukira apo. Ndinathiranso. Masiku awiri mabedi aja akufuka ngati uvuni wa njerwa. Pa tsiku lachitatu ndinalowetsa dzanja pansi, ndinapeza phulusa ndi zibuma zolimba. Fungo la dothi lija kunalibe. Ndinaphimbabe ndi udzu watsopano, ndinapitirizabe kuthirira.

Achemwali anafika Lachisanu masana, atanyamula buledi wa amayi. Anakwera kumtunda, anaona m'mbali mwa mabedi muli makala, anakankha udzu ndi phazi. Anagwada n'kutapa phulusa m'manja.

"Chachitika n'chiyani apa?"

"Ndinatentha udzu wakale. Munali njoka."

"Munatentha?"

"Koma ndaikapo wina."

Anayamba kuyankhula Chizungu, mwamsangamsanga, osati kwa ine koma kwa phulusa lija. Ndinamvapo "miyezi isanu" ndi mawu ena omwe ndinawadziwa kuti si oyamikira. Basi mutu wanga unazungulira. Ndinathamangira kunyumba, ndinang'amba pepala lija pa chitseko, n'kubwera nalo.

"Werengani! Mwalemba pati za moto? Pati?"

"Achimwene, ndi zamoyo izi. Mungaike moto pa chinthu chamoyo?"

"Minda yonseyi mukuiona yatenthedwa, yafa? Inu a ku Sunnyside munayamba mwagwirapo khasu inu? Kapena munda mumauonera pa windo la galimoto?"

"Iwe!" anatero amayi kumbuyo kwanga.

"Ayi amayi, andiuze! Abwera ndi majelemusi awo, atisandutsa choseketsa mudzi wonse, lero akunditukwana m'Chizungu m'munda mwa bambo anga!"

Panali chigubu chimodzi chopanda kanthu chomwe chinatsala pa zinayi zija. Ndinachinyamula n'kuchiponya. Sindinalunjike iwo, koma chinadutsa pafupi ndi phewa lawo n'kukagwera m'maenje a kwale. Achemwali anaimirira, misozi ikutsika, n'kupukuta manja pa jekete.

"Mukunena zoona," anatero motsitsa. "Sindinalembe. Sindinaganize n'komwe kuti munthu angatenthe."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwana. Anatsazika amayi mwaulemu n'kumapita. Buledi anamusiya pa mpando.

Amayi sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Anangoti, "Ndinakuuza ndine kuti utenthe," n'kulowa m'nyumba.

Mvula itabwera zinthu zinaipa kuposa kale. Dothi la pa dazi tinali titalifewetsa tokha pokumba, ndipo panalibenso chogwira. Madzi analikokolola lonse n'kulimwaza kunsi. Chaka chimenecho dazi linadya mizere ina isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Tinakolola zosakwana n'komwe kufika mwezi wa Julayi. Titangotha kukolola amalume anabwera okha, ndipo amayi analongedza.

Ndinawaperekeza ku depoti, ndinawapezera mpando wakutsogolo chifukwa kondakitala ndinkamudziwa. Amalume anandiuza kuti munda ndiugulitse kwa omanga nyumba za lendi, dazi silivuta pa maziko. Amayi anangondipatsa makiyi.

"Usamenye munthu," anatero pa windo. "Kupolisi ndilibe wokakuona."

Ndinakhala masabata awiri ndekha m'nyumba muja. Ogula anabweradi awiri, wina ndi tepi yoyezera m'thumba. Ndinawauza kuti abwere mawa, mawa lake ndinatseka chitseko n'kukhala chete mkati. Kenako Lolemba lina sindinapite ku Limbe. Ndinavala malaya a kutchalitchi n'kukwera minibasi ya m'tauni.

Pa geti la koleji mlonda anandikaniza. Anandifunsa chitupa, ndinalibe. Anandifunsa dzina lonse la munthu yemwe ndikumufuna, ndinkadziwa loyamba lokha. Nambala yawo ndinali nditaifufuta tsiku la mkangano lija.

"Ndiye mukufuna ndikulowetseni ngati ndani? Pulofesa?"

Ndinamva moto uja ukukwera pachifuwa. Ndinayang'ana chipewa chake, ndinadziwa bwinobwino pomwe chikanagwera. Koma ndinakumbukiranso kuti ndikamugwira, geti limeneli latsekeka mpaka kalekale. Ndinapita kutsidya kwa msewu n'kukhala pa mwala. Ndinakhala tsiku lonse, sanatuluke. M'mawa mwake ndinabweranso. Cha m'ma thili koloko ndinawaona akutuluka ndi anzawo awiri.

"Achemwali."

Anaima patali pang'ono. Anzawo anandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Amayi ali bwanji?"

"Anapita ku Nsanje. Dazi linatsika."

Ndinawayandikira pang'ono n'kupitiriza.

"Ndinalakwa. Chigubu chija, ndi pakamwa panga. Ndabwera kudzafunsa ngati tina tinatsala."

"Tina chiyani?"

"Ta pa dzenje lachisanu ndi chiwiri."

Anauza anzawo kuti atsogole. Tinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi amayi ogulitsa chinangwa chootcha.

"Tizilombo tija tilipo," anatero. "Tili mu fuliji, tikugona. Koma aphunzitsi anga anandiuza kuti malo anu ndiasiye, ndayamba kwina. Nthawi ndilibe yambiri."

"Ntchito ndigwira ndekha. Inu mungolemba zonse, osasiyako kanthu."

"Ayi, kulemba kuja n'komwe kunatipweteka. Ine ndinalemba zomwe ndinkaopa ineyo. Zomwe inu mumachita m'munda sindizidziwa." Anatulutsa kabuku kaja. "Mundiuze inuyo. Kuyambira Januwale mpaka Disembala, chilichonse chomwe chimachitika m'munda mwanu. Ine ndizikuuzani chomwe chingaphe."

Palibe munthu wa sukulu anali atandifunsapo chinthu kuti alembe. Ndinayamba mwamanyazi, kenako pakamwa panamasuka. Ndinawauza za kupalira ndi kubandira, za mbuzi zomwe amazimasula anthu akakolola, za osaka mbewa omwe amayatsa tchire n'kukumba paliponse, za azimayi omwe amathira madzi a sopo kumunda akatha kuchapa, za chiswe chomwe chimadya mapesi, za njira yomwe madzi amatsata kuchokera ku kwale mvula yoyamba ikagwa. Zambiri sankazidziwa. Pa za mbewa anafunsa kawiri.

"Amatentha munda wa eni chifukwa cha mbewa?"

"Inu simunadyepo mbewa, eti?"

"Ndinalawapo kamodzi."

"Ndiye simungamvetse."

Tinayambiranso m'mwezi wa Juni. Ulendo uno ndinakumba ngalande kumtunda kuti madzi a ku kwale azilambalala, ndinatchinga mabedi ndi minga chifukwa cha mbuzi, ndipo ndinalambula mozungulira, mikono itatu, osasiya ngakhale kaudzu. Mmalo mwa udzu wautali tinaphimba ndi mapesi oduladula kuti njoka zisapeze pobisala. Achemwali ankabwera kamodzi pa mwezi, nthawi zina osabwera, ankalemba mayeso awo. Zina tinkakambirana pa foni. Ndinkatapa dothi ndekha, kuika m'timabotolo, kulemba nambala ya bedi, n'kukasiya pa geti. Mlonda uja anafika pondizolowera, ankanditchula kuti adokotala a dothi.

Okutobala atafika ndinasiya kupita ku Limbe masiku omwe anthu ankatentha. Mkulu wa mpingo uja anayatsa munda wake masana mphepo ikuomba kubwera kwathu. Ndinaima pa malire ndi nthambi zaziwisi ndi ndowa ziwiri, ndikuzimitsa malawi omwe ankadumpha.

"Mwana iwe, mapesi amenewo ukuwalondera ngati ndi mkazi?"

"Bambo, moto wanu ukadutsa apa, tikakumana kwa abusa."

Ndinanena mokuwa, mwina mopitirira, ndipo ndinawonjezapo mawu ena omwe sindingalembe pano. Koma manja anga anagwira nthambi zokha. Moto unafika pomwe ndinalambula n'kuima.

Mvula yoyamba itagwa, achemwali anati poizoni watsika ndithu pa mabedi atatu, ndibzalepo chimanga choyesera, osati chodya. Ndinabzala pa onse anayi. Pa bedi lachinayi, pomwe panali dzenje la mabomba, chinamera n'kuchita chikasu, n'kufa chisanafike m'mawondo. Pa atatu enawo chinakula. Sichinali chimanga chonyaditsa, mapesi ake anali owonda, koma chinali chobiriwira, chitaima pomwe ine chibadwire ndinali ndisanaonepo tsamba. Ndipo madzi otsika kumeneko sanaphe mzere ndi umodzi womwe kunsi.

Ndinawaimbira amayi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva," anatero. "Ukudya?"

Basi. Ndinakwiya, ndinadula foni, ndinaimbanso kupepesa.

Anabwera m'mwezi wa Febuluwale, osati chifukwa cha munda koma chifukwa mankhwala awo anali atasowa kuchipatala cha kumudzi. Ananyamula kachikwama kakang'ono, zovala za masiku awiri. Anali ataonda, mapazi atatupa. Titachoka kuchipatala anati akufuna kugona, koma titafika pakhomo sanalowe m'nyumba. Anaika kachikwama pa khonde n'kuyamba kukwera kumtunda pang'onopang'ono, ine pambuyo.

Anaima pa bedi loyamba. Anagwira tsamba, analipinda, anakanda tsinde ndi chikhadabo. Anawerama movutikira n'kutapa dothi, kulifinya, kulinunkhiza. Anayenda mpaka pa bedi lachinayi, anayang'ana mapesi akufa aja.

"Apa pakana."

"Pakana. Achemwali akuti pafunika chaka china, mwina ziwiri."

"Nanga ichi tidya?"

"Ayi. Atenga zisononkho akayeze kaye. Mwina chaka chamawa. Akuti sakulonjeza."

"Mtsikana amene uja salonjeza kanthu." Anabwerera pa bedi lachiwiri. "Wabzala ndani apa?"

"Ine."

"Mothithikana chonchi? Bambo ako anakuphunzitsa chonchi? Ichi ndi chimanga kapena mpunga?"

"Amayi, ndi choyesera."

"Choyesera sichifuna mpweya?"

Anatembenuka n'kuyang'ana munda wakunsi. Ndinali nditaubzala, koma mtima wanga wonse unali pa mabedi, ndiye kupalira kwachiwiri kunali kusanachitike, ndipo mizere ina inali itagwa ndi mvula.

"Nanga udzu uwu ukudikira ndani?"

"Ndimati Loweruka."

"Loweruka. Chimanga chikumasula iwe ukuti Loweruka." Anamanga chitenje mwamphamvu m'chiuno. "Kanditengere khasu."

"Adokotala anena kuti mupume."

"Adokotala alima pano? Kanditengere."

Ndinabwera ndi makasu awiri. Anapalira theka la mzere n'kukhala pansi, akupuma mwabefu, ndipo kuyambira pamenepo ankangoloza ndi dzanja pomwe ndalumpha. Tinatha mizere inayi dzuwa lisanapendeke. Tikutsika anandifunsa ngati foni yanga ili ndi mayunitsi.

"Alimo pang'ono. Bwanji?"

"Uwaimbire amalume ako. Uwauze kuti sutikesi yanga ndi mapoto anga apatsire wina wobwera kuno. Mbuzi yanga asagulitse, ndidzaitenga ndekha tikakolola."